Kabowo ka rimoti pa Discman: mmene waya mmodzi amanyamulira mabatani onse

Mukamayenda pakati pa mabenchi a zamagetsi zakale mumsika wa Limbe kapena wa Ndirande, pomwe pamakhala milu ya machaja, marimoti a TV ndi mafoni okufa, nthawi zina mumakumanabe ndi kachipangizo kozungulira, kopyapyala, koimbira ma CD. Tinkangokatcha Discman, kaya ndi ka Sony, ka Panasonic kapena ka kampani ina. Mukakapeza, katembenuzeni muone m'mbali pomwe pamalowa mahedifoni. Pa ta Sony tambiri, kabowo kozungulira kaja sikakhala kokha. Mogundizana nako pamakhala kamng'alu kamakona anayi, ndipo mukasuzumira pa kuwala mumaona tizitsulo tinayi tondondozana mkati mwake. Ena amayesa potchajira. Ayi ndithu, pamenepo ndi polowera rimoti ya waya, kanthu kakang'ono kamabatani kamene munthu ankapanira pa kolala ya malaya kapena pa lamba wa chikwama.

Rimotiyi inabwera chifukwa cha kukula kwa chimbale. CD inayamba kugulitsidwa mu 1982, ndipo pofika 1984 a Sony anali atatulutsa D-50, makina oyamba a CD oyenda nawo. Koma chimbale cha CD ndi masentimita 12 mulifupi mwake, choncho makina otsekera chimbale chonse mkati sangachepe kuposa pamenepo. Walkman ya matepi inkalowa m'thumba la jekete, pomwe Discman malo ake anali m'chikwama basi. Poyamba ngakhale m'chikwamamo simunkathandiza, popeza kugwedezeka pang'ono kokha nyimbo inkadumpha. M'zaka za m'ma 1990 opanga anaikamo memore yosungira nyimbo ya masekondi angapo patsogolo, kuti diso la laser likasochera ndi bampu nyimbo izipitirira kuchokera m'memoremo. Kuyambira pamenepo munthu ankatha kuyenda makina ali m'chikwama, ndiye funso linatsala linali lakuti mabatani uwafikira bwanji. Aliyense amene anakwerapo minibasi yodzaza kuchoka ku Limbe kudzera ku Chichiri, chikwama chili pamiyendo, zigongono zitapanikizika, akudziwa kuti kutsegula zipi kuti usinthe nyimbo ndi ntchito. Komanso kuno kwathu, komwe matepi anakhalitsa pamsika mpaka m'zaka za m'ma 2000, Discman chinali chinthu chodula, chosafunika kuonetsa maso a anthu pa siteji.

Tsono pulagi ya rimotiyi ili ndi mbali ziwiri zomatidwa m'pulasitiki imodzi. Mbali yozungulira ndi pulagi wamba ya mamilimita 3.5: kunsonga kumadutsa mawu a khutu lamanzere, mphete yapakati ndi ya khutu lamanja, ndipo thunthu lake ndi ground, waya wobwererapo moto. Pa marimoti ambiri, mawaya atatu amenewa salabadira za rimoti n'komwe. Amangodutsa mkati mwake n'kukatulukira pa kabowo kena komwe mumalowetsa mahedifoni anu. N'chifukwa chake rimoti ikatayika, mumangolowetsa mahedifoni pa kabowo kozungulira ka makinawo, nyimbo n'kumveka bwinobwino. Mbali yamakona anayi ija ndiyo ya rimoti yeniyeni, ndipo mapini ake anayi aliyense ali ndi ntchito yake: ina ndi ground, ina imabweretsa moto kuchokera m'makina, ina ndi ya mabatani, ndipo yotsalayo imanyamula zolembedwa zopita pa kasikirini ka rimoti.

Taonani kuti ya mabatani ndi imodzi yokha. Rimoti ili ndi batani loimba, loimitsa, lopita kutsogolo, lobwerera, lokweza mawu, lotsitsa, lobwereza nyimbo, ndi ena, koma onsewo akudalira pini imodzi. Nkhani yonse yagona pamenepa.

Rimoti siyankhula, makina ndiwo amayeza

Ambiri timaganiza kuti rimoti iliyonse imatumiza uthenga, monga imachitira ya TV. Ya TV imatumizadi. Ili ndi kachipu kake ndi mabatire ake, ndipo imaphethiritsa kuwala kosaoneka ndi maso motsatira manambala. Ya Sony, mwachitsanzo, imaphethira ka 40,000 pa sekondi, ndipo kuphethira kotalika kumaimira 1, kofupika kumaimira 0. Koma mabatani a rimoti ya waya ya Discman satumiza nambala iliyonse. Mukaitsegula, kumbali ya mabatani mupeza timaswichi ndi ma resistor basi.

Resistor ndi kachipangizo kopinga moto wamagetsi kuti usadutse wonse, ndipo kupinga kwake timakuyeza mu ma ohm. Batani lililonse lili ndi kuchuluka kwake kwa ma ohm. Mukadina, mwalumikiza pini yobweretsa moto ndi pini ya mabatani kudzera mwa ma ohm a batani limenelo. Makina, kumbali yawo, amayeza moto umene wabwerera, n'kudziwa batani limene mwadina. Zili ngati sikelo ya pamsika. Batani lililonse ndi mwala wolemera mwakemwake, ndipo amene akuwerenga sikeloyo saona dzanja limene laika mwalawo, amangoona pomwe muvi waima n'kunena kuti uwu ndi mwala wa STOP, uwu ndi wokweza mawu.

Pa marimoti ambiri a Sony a nyengo ya MiniDisc (tizimbale tating'ono ta Sony), omwe ochuluka a iwo amagwiranso pa CD Walkman (dzina latsopano la Discman), batani lobwerera m'mbuyo limapereka ma ohm pafupifupi 1,000, la STOP pafupifupi 7,000, lotsitsa mawu pafupifupi 8,400, ndipo lokweza mawu pafupifupi 9,900. Manambala atatu omalizawa muwasunge, tiwafunanso.

Nanga makina amayeza bwanji? Kachipu kolamulira makina sikadziwa kuyeza ma ohm mwachindunji, kamadziwa kuyeza ma volt. Ndiye opanga amaika resistor ina yokhazikika mkati mwa makina, kuchokera pa pini ya mabatani kupita ku ground. Moto ukadutsa mu ma resistor awiri otsatizana, ma volt amagawika pakati pawo molingana ndi kukula kwawo, yaikulu kutenga gawo lalikulu. Tiyeni tiike manambala ongoyerekezera kuti tione masamu ake. Tinene kuti makina akupereka ma volt 3, ndipo resistor yamkati ndi ya ma ohm 10,000. Popanda batani lodinidwa, pini ya mabatani ili pa 0. Mukadina lobwerera, la 1,000 lija, pa pini pamafika 3 kuchulukitsa ndi 10,000, kugawa ndi 11,000, zomwe ndi ma volt 2.73. Mukadina STOP pamafika 1.76. Lotsitsa mawu limapereka 1.63, lokweza 1.51. Mitundu ina ya makina imachita mozondotsa, resistor yamkati kukhala kumbali ya moto ndipo mabatani kumakokera pini ku ground, koma nzeru yake ndi yomweyi.

M'kachipu muja muli gawo lotchedwa ADC, lomwe ntchito yake ndi kusandutsa ma volt kukhala nambala. Ngati ndi la ma bit 8, limadula mtunda wonse wochoka pa 0 kufika pa 3 m'magawo 256. M'chitsanzo chathu STOP igwera pafupi ndi 150, kutsitsa mawu pafupi ndi 139, kukweza mawu pafupi ndi 128. Pulogalamu yamkati sifuna nambala yeniyeniyo ndendende, chifukwa palibe resistor imene imatuluka ku fakitale ili yolondola kotheratu. Zina zimasiyana ndi 5 peresenti, zabwinopo ndi 1 peresenti. Choncho batani lililonse limapatsidwa malire: nambala ikagwera pakati pa apa ndi apa, ndiye batani lakuti. Malirewo ndi opanikizana, monga mukuonera, pakati pa 139 ndi 128 palibe malo ambiri osewerera.

Wina afunsa kuti, nanga batire likamatha ma volt akutsika, mabatani sasokonekera? Funso labwino, ndipo yankho lake likuonetsa kuti amene anakonza zimenezi anali ataganiza. Poyamba, moto wopita ku rimoti sutengedwa pa batire mwachindunji, umadutsa kaye pa gawo loukhazikitsa. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, ADC imayerekeza moto wobwerera ndi moto womwewo umene watumizidwa. Lotsitsa mawu lija limabweza magawo 54 pa 100 alionse a moto umene lalandira, kaya moto unali ma volt 3 kaya watsika kufika pa 2.4. Zonse zikatsikira pamodzi, nambala sisintha.

Momwe ma resistor amalumikizidwira m'rimotimo ndi zofunikanso kuzidziwa, makamaka kwa amisiri. Kawirikawiri samaika resistor yapayokha pa batani lililonse. Amawalumikiza mondondozana, ina pambuyo pa inzake, ndipo batani lililonse limatapa moto pa mfundo yake ya mzerewo. Batani loyamba limadutsa mu resistor imodzi, lachiwiri mu ziwiri, lachitatu mu zitatu, mpaka kumapeto. Kalumikizidwe aka kali ndi zotsatira ziwiri. Mukadina mabatani awiri nthawi imodzi, lomwe lili pafupi ndi poyambira ndilo limapambana, popeza moto umadutsa njira yachidule. Ndipo resistor imodzi yapakati ikathyoka kapena mtovu wake wowotcherera ukasweka, mabatani onse a kutsogolo kwake amafa pamodzi, a kumbuyo kwake n'kumagwirabe. Mukaona rimoti yomwe lobwerera likugwira koma STOP ndi onse a mawu afa limodzi, musataye nthawi kusintha maswichi, yang'anani mzere wa ma resistor.

Palinso kanthu kena komwe chala sichimva. Swichi ikadinidwa, tizitsulo take sitigundana kamodzi n'kukhazikika, timanjanja kaye kwa kanthawi kochepa zedi, tizigawo tochepa pa magawo 1,000 a sekondi. Pa nthawi imeneyo ma volt amakhala akukwera n'kutsika, kudutsa m'malire a mabatani ena. Kachipu kakanati kazikhulupirira muyeso woyamba, bwenzi kudina kumodzi kukudumphitsa nyimbo zitatu. Ndiye kamayeza kangapo motsatizana, n'kuvomereza pokhapokha miyesoyo ikagwirizana. Kamawerenganso kutalika kwa nthawi imene batani lagwiridwa. Ndi mmene batani limodzi limagwirira ntchito ziwiri: kudina n'kusiya ndi kupita ku nyimbo yotsatira, kugwirira ndi kuthamangitsa nyimbo yomweyo. Ma ohm ndi omwewo, kusiyana kuli pa nthawi.

HOLD ya pa rimoti ndiye yosavuta kuposa zonse. Pa marimoti ambiri imangodula njira ya mabatani, moti kaya mwatsamira rimotiyo kaya mwana akuiseweretsa, makina saona chilichonse. Makina nawo ali ndi HOLD yawoyawo yotseka mabatani a pathupi pake. Ziwirizi n'zosiyana dala, kuti makina akhale otseka m'chikwama momwe akukhuzana ndi mabuku ndi makiyi, inu mukulamulira pa rimoti. Ma Discman angapo amaoneka ngati akufa pomwe vuto ndi kaswichi ka HOLD kamene kaiwalika.

Kachipu kakazindikira batani, zotsatira zake ndi zofanana ndi kudina pa makina penipeni. Mukadina lopita kutsogolo, kamayang'ana pa mndandanda umene kanawerenga kumayambiriro kwa chimbale mutangotseka chivundikiro, womwe umanena pomwe nyimbo iliyonse yayambira, n'kulamula kamota kukankhira diso la laser pamalopo. Za mawu ndiye zinasintha ndi nthawi. Marimoti ena akale anali ndi kagudumu ka voliyumu kamene kankachepetsa mawu pa mawaya a mahedifoni enieniwo, ndipo kakadya fumbi mumamva kukhwekhwereza m'makutu mukamakapotokola. Atsopano anasiya zimenezo. Batani limangouza kachipu, ndipo mawu amakwezedwa kapena kutsitsidwa mkati mwa makina.

Pini yokhayo imene imanyamuladi uthenga wa manambala ndi ya kasikirini. Marimoti apamwamba anali ndi kasikirini koonetsa nambala ya nyimbo, mphindi, mphamvu ya batire, ndipo pa zimbale zokhala ndi CD-Text kapena za MP3, ngakhale dzina la nyimbo. Rimoti yotere ili ndi kachipu kakekake, kamene kamadya moto wochokera pa pini ya moto ija, popeza rimotiyo ilibe batire. Makina amatumiza ma 1 ndi ma 0 motsatizana pa waya mmodziyo, kachipu ka m'rimoti n'kumawasandutsa zilembo. Koma ngakhale m'rimoti yamakono choncho, mabatani ake anatsalabe pa ma resistor. Ichi n'chifukwa chake mumatha kulowetsa rimoti ya Sony ya mtundu wina pa makina ena a Sony, mabatani akuluakulu n'kugwira, koma kasikirini n'kukhala zii. Ma ohm agwirizana, chiyankhulo cha kasikirini ndiye chasiyana.

Kwa ine, kusankha ma resistor kunali kuchenjera, osati umphawi wa nzeru. Akanapatsa batani lililonse waya wakewake, chingwe chikanakhala chonenepa, cholimba, ndipo pulagi yake ikanafuna mapini khumi. Akanaika kachipu m'rimoti iliyonse, mtengo ukanakwera, ndipo kachipuko kakanamadya batire usana ndi usiku kudikira kuti mudine. Ma resistor sadya kanthu mpaka batani litadinidwa. Pa makina oyendera mabatire awiri a AA, omwe kale ali ndi mota yozungulitsa chimbale ka 200 mpaka ka 500 pa mphindi, kusunga moto koteroko n'kofunika.

Chomwe sindiwayamikira opangawa ndi kukana kugwirizana. Panalibe lamulo limodzi. Sony inali ndi pulagi yake ndi ma ohm ake, Panasonic yake, Aiwa yake, ndipo nthawi zina kampani imodzi yomweyo inkasintha pakati pa mitundu yake. Ma Discman ena akale kwambiri anali ndi kabowo kapadera kolembedwa REMOTE, kosiyana ndi ka mahedifoni, komwe munkatha kulowetsa kadiso kolandira kuwala kwa rimoti yopanda waya. Ngakhale Apple inatsata njira yakeyake: iPod ya 2003 inali ndi kamng'alu ka mapini anayi pambali pa kabowo ka mahedifoni, koma iyo inkatumiza manambala, ndipo pofika 2005 anakachotsa. Kwa munthu wa ku Blantyre, amene zinthu zimamupeza zitadutsa kale m'manja mwa ena, makina kubwera mu katundu wina, rimoti mu wina, kusagwirizana kumeneku kukutanthauza kuti pulagi kulowa si umboni wakuti igwira. Yesani musanalipire, batani lililonse palokha.

Litsiro pa sikelo

Tibwerere ku manambala atatu aja: 7,000, 8,400 ndi 9,900. Makina sadziwa komwe ma ohm achokera. Amawerenga onse amene ali panjira, a resistor, a swichi, a waya, ndi a pomwe pini yakhudzana ndi chitsulo cha m'kamng'alu. Swichi yatsopano siwonjezera chilichonse chodetsa nkhawa. Koma rimotiyi imakhala pachifuwa pa munthu, kulandira thukuta la mu Okutobala, fumbi la mumsewu ndi chinyezi cha m'dzinja. Tizitsulo ta m'swichi timachita dzimbiri lopyapyala, ndipo dzimbiri limapinga moto. Likawonjezera ma ohm 1,400 pa batani la STOP, makina awerenga 8,400, ndipo inu mukadina STOP nyimbo siima, mawu ndiwo amatsika. Likawonjezera 1,500 pa lotsitsa mawu, makina awerenga 9,900. Mukufuna kutsitsa, iwo akukweza. Mukadina mwamphamvu dzimbiri lija limaphwanyika pang'ono, ma ohm n'kutsika, batani n'kugwira bwino kamodzi, ndiye munthu amazolowera kufinya mpaka swichi kuthyokeratu.

Rimoti yosokoneza mabatani chonchi anthu amaiweruza kuti IC, kachipu kaja, yapsa. Kawirikawiri si choncho. IC yakupsa simasankha kusokoneza batani limodzi, ndipo chizindikiro chachikulu n'chakuti litsiro limangowonjezera ma ohm, silichotsa. Ndiye batani lodwala limachita ntchito ya mnzake wa ma ohm ochulukirapo, osati ochepa. Mukaona zosemphana ndi zimenezi, batani likuchita ntchito ya la ma ohm ochepa, kapena makina akudzidina okha, ganizirani za chinyezi kapena mawaya amene akhudzana penapake m'chingwe.

Kuyeza kwake n'kosavuta kwa amene ali ndi mita. Zulani rimoti pa makina, ikani mita pa ma ohm, pa 20k (ma ohm 20,000), ndipo onetsetsani kuti HOLD ndi yotsegula. Gwirani mapini awiriawiri mutadina batani limodzi, mpaka mutapeza awiri amene akuonetsa nambala mukadina, n'kusowa mukasiya. Amenewo ndiwo a mabatani. Kenaka dinani lililonse n'kulemba nambala yake. Batani labwino limapereka nambala imodzimodzi, kaya mwadina pang'ono kaya mwamphamvu. Lodwala nambala yake imavinavina. Mankhwala ake ndi kadontho ka sipiriti kapena contact cleaner m'swichimo, kudina kambirimbiri, n'kusiya kuti ziume. Zikakanika, sinthani swichi, timaswichi totere timapezeka pa mabodi a ma DVD ndi mawailesi akufa. Mapini a pulagi ndi a m'kamng'alu apukuteni ndi kathonje ka sipiriti. Musapale ndi mpeni kapena sandipepa, chifukwa mukachotsa chitsulo chopyapyala chokutira pamwambacho, dzimbiri libwerera msanga kuposa kale.

Nthenda ina ndi ya chingwe, ndipo imakonda malo awiri: pomwe chikutuluka m'pulagi ndi pomwe chikulowa m'rimoti. Pindani chingwe pang'onopang'ono pamalo amenewa mita ili pomwepo, muona nambala ikubwera n'kuthawa. Mawaya amkati ndi timaulusi ta kopa topaka vanishi wamitundumitundu, ndipo mtovu sugwira pa vanishi. Amisiri ena amawotcha nsonga ndi machesi, koma mwaye wake umaipitsa cholumikizacho. Ndi bwino kuviika nsongayo m'dontho la mtovu wotentha pa chowotcherera mpaka vanishi atasungunuka yekha. Pa mawaya a mawu, cholumikiza chosalongosoka chimangochepetsa mawu kapena kukhwekhwereza. Pa waya wa mabatani chimasintha tanthauzo la batani lililonse.

Rimoti ikasoweratu, munthu wodziwa kuwotcherera angathe kupanga yake ndi maswichi ndi ma resistor, bola adziwe ma ohm a makina akewo. Povuta ndi pulagi yamakona anayi ija, yomwe sigulitsidwa payokha. Njira yake ndi kudula pa rimoti ina yakufa. Chenjezo limodzi lokha: musalumikize mapini a m'kamng'alu mwachisawawa ndi waya kuti muone chimene chichitike, chifukwa mukagunditsa pini ya moto ndi ground mutha kuotcha gawo lopereka motolo. Poyesa, pakhale resistor pakati nthawi zonse.

Mwina mukuti, zonsezi za chiyani poti nyimbo tikumvera pa foni ndi pa memore khadi? Yang'anani mahedifoni a waya amene ali m'thumba mwanu. Pulagi yake ili ndi magawo anayi, osati atatu. Lachinayilo ndi la maikolofoni, ndipo mabatani a pachingwe amakwera pa waya yemweyo wa maikolofoni mwa njira yomweyi ya ma resistor. Malamulo a Android amanena kuti batani lapakati, loyankhira foni ndi kuimitsa nyimbo, likhale la ma ohm 0, kutanthauza kugunditsa waya wa maikolofoni ndi ground. Lokweza mawu likhale la 240, lotsitsa la 470. Foni imalandira chilichonse cha pakati pa 210 ndi 290 ngati kukweza, ndipo cha pakati pa 360 ndi 680 ngati kutsitsa. Ndiye swichi yokweza ikachita dzimbiri la ma ohm 150 okha, yalowa kale m'malire a kutsitsa. Ndipo mahedifoni otha aja amene amayambitsa nyimbo okha, kudula foni pakati pa nkhani, kapena kudzutsa Google muli chete, palibe zamatsenga: waya wa maikolofoni wasupuka ndipo akukhudza ground mukamayenda, foni n'kumayesa mwadina lapakati.

Apanso kusagwirizana kuja kulipo. Mafoni ambiri a masiku ano amatsata kalumikizidwe ka CTIA, komwe maikolofoni ili pa gawo lakumapeto kwenikweni kufupi ndi pulasitiki, ground n'kukhala pa mphete yachiwiri. Mafoni akale ambiri a Nokia ndi Sony Ericsson ankatsata OMTP, komwe ziwirizi zasinthana malo. Mukasakaniza, mawu amamveka ngati akuchokera patali, woimba osamveka bwino, mpaka mutagwirira batani lapakati, pamenepo n'kumveka bwino, popeza batanilo labwezeretsa ground pamalo pake. Mahedifoni a iPhone nawo, lapakati limagwira pa mafoni ambiri a Android, koma okweza ndi kutsitsa mawu amakana, chifukwa Apple inaika kachipu m'malo mwa ma resistor wamba.

Kumene nzeruyi ikudyetsa anthu lero mu Blantyre ndi pa magalimoto ochokera ku Japan. Wailesi zake zinapangidwira FM ya kumeneko, yoyambira pa 76 MHz n'kulekeza pa 90, kapena 95 pa zatsopanopo, pomwe nyumba zathu zambiri zoulutsira mawu zili pamwamba pa pamenepo mpaka 108. Ndiye eni ake ambiri amachotsa wailesiyo n'kuika ina, ndipo mabatani a pa chiwongolero amafa tsiku lomwelo. Pa magalimoto ambiri, a Toyota ndi Nissan mwachitsanzo, mabatani amenewo ndi mzere wa ma resistor ngati wa m'rimoti ya Discman, wotuluka pa waya mmodzi kapena awiri ndi ground yake. Mawailesi a m'galimoto a Sony ndi Pioneer ali ndi kabowo ka mamilimita 3.5 kumbuyo kolandirira rimoti ya waya, koma amayembekezera ma ohm awoawo, choncho pamafunika kabokosi komasulira pakati. Mawailesi a sikirini a Android anapeza njira yachidule: ali ndi mawaya olembedwa KEY1 ndi KEY2, ndi malo mu pulogalamu pomwe mumagwirira batani la pa chiwongolero, wailesi n'kuyeza ma volt ake, inu n'kuiuza ntchito ya batanilo.

Poika wailesi yotere, ground ya mabatani a chiwongolero ilumikizidwe ku ground ya wailesi yomweyo, osati pa bawuti iliyonse ya thupi la galimoto, chifukwa kusiyana pang'ono kwa ma volt pakati pa malo awiriwo kumalowa m'muyeso, ndipo mabatani amayamba kusokonekera mukayatsa nyali kapena fani. Komanso musaphunzitse wailesi mabatani muli ndi swichi zadzimbiri. Idzasunga nambala yolakwikayo ngati yoona, ndipo tsiku limene dzimbiri lidzasunthe, batanilo lidzagwera kunja kwa malire ake. Yambani mwayeza ndi mita, tsukani zofunika kutsuka, kuphunzitsa kubwere pomaliza. Pa magalimoto ena atsopano mabataniwo amadutsa pa kompyuta ya galimoto kudzera pa CAN bus, mawaya amene makompyuta a galimoto amatumizirana manambala, ndipo pamenepo mita sionetsa ma ohm osinthasintha mukadina. Zikatero KEY1 ndi KEY2 zilibe ntchito, pakufunika kabokosi kogwirizana ndi mtundu wa galimotoyo.